Mawati 5000 a pa katoni ndi makutu a atate

Atate athu ali ndi funso limodzi limene amafunsa kuposa ena onse: "Wati chiyani?" Amalifunsa kwa amai, kwa ife ana, kwa wogulitsa tomato, ndipo kwambiri amalifunsa kwa TV. Anagwira ntchito pansi mu mgodi zaka zoposa 20, pafupi ndi makina oboola miyala, ndipo anatulukamo ndi penshoni yochepa ndi makutu otopa. Sikuti ndi ogontha ayi. Galimoto ikamadutsa amaimva, bingu amalimva, ng'oma ya ku tchalitchi amaimva. Chimene chimawathawa ndi mau a munthu, makamaka pakakhala phokoso lina kumbuyo kwake. Wowerenga nkhani akamalankhula kanyimbo kakulira pansipansi, atate amangoona milomo ikuyenda.

Timakhala ku Ipusukilo, ku Kitwe, chakufupi ndi mtsinje wa Kafue. Makolo athu anachokera ku Katete kudzafuna ntchito ku migodi, choncho panja timalankhula Chibemba ngati wina aliyense, koma tikalowa m'nyumba ndi Chinyanja basi. Nyumbayo ndi ya malata opanda siling'i. Pabalaza pake mukayenda masitepe anayi mwafika kukhoma, ndipo khomalo ndi lomwelo la aneba. Ana tilipo atatu, tonse akuluakulu, tonse opeza zochepa. Nkhani iyi ndi ya momwe atatufe tinatayira ndalama kamodzi, ndi momwe tinaphunzirira kusataya kachiwiri.

Chakumapeto kwa 2023 mlongo wathu, amene amagwira ntchito m'nyumba ina ku Parklands, anafika pa taxi ndi katundu. Mabwana ake anali kusamuka, ndipo anamusiyira masipika asanu ndi risiva yakale ya home theatre, yolemera ngati yadzaza miyala. Tinasangalala ngati tatola ndalama pamsewu. Koma titalumikiza zonse, risiva inayaka, manambala anaoneka, mau ndiye zii. Tinainyamula kupita nayo kwa mkulu wina wokonza mawailesi chakufupi ndi msika wa Chisokone. Anaitsegula, anayeza apa ndi apo, kenako anatiyang'ana. "Anyamata, mutu wake uli bwino. Yafa ndi miyendo."

Anatifotokozera kuti risiva imagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kulandira mau kuchokera ku dikoda kapena ku DVD ndi kuwagawa, awa apite ku sipika iyi, awo apite ku iyo. Yachiwiri ndi kuwapatsa mphamvu yokankha masipikawo. Mbali yachiwiriyo ndiyo inapsa, ndipo zida zake zinali zosowa. Koma kumbuyo kwa risiva kunali timabowo tolembedwa kuti pre-out, totulutsa mau ogawidwa kale koma opanda mphamvu. "Kapezeni ampulifaya ya machanelo asanu," anatero. "Osati ija ya wailesi ndi timagetsi tovina. Yokankha chabe. Mukalumikiza apa, mudzamva."

Machanelo asanuwo ali ndi ntchito zake. Masipika awiri amakhala kutsogolo, kumanzere ndi kumanja kwa TV, ndipo amanyamula nyimbo ndi phokoso lalikulu. Awiri ena amakhala m'mbali kapena kumbuyo, a mvula, mphepo ndi mkokomo wa anthu m'bwalo la mpira. Yachisanu imakhala pakati, pansi pa TV penipeni, ndipo pafupifupi mau onse a anthu olankhula amadutsa mmenemo. Pamwamba pa izi pamabwera wufa ya mabesi, ndiye chifukwa chake amati 5.1. Dongosololi linayambira m'nyumba za kanema. Dolby Digital inamveka koyamba kwa anthu ambiri mu filimu ya Batman Returns mu 1992, kenako linalowa m'nyumba za anthu pamodzi ndi DVD.

Sipika ya pakati ija ndiyo inatigwira mtima. Mmodzi wa ife amathandiza ku wailesi ya m'dera Loweruka lililonse, ntchito yodzipereka, ndipo kumeneko tsiku ndi tsiku nkhondo ndi yomweyo: nyimbo zitsike kuti wolankhula amveke. TV wamba siikulola kuchita zimenezo. Ukakweza, umakweza zonse pamodzi, mau ndi phokoso lomwe. Koma ngati mau a munthu ali ndi sipika yakeyake, ungakweze iyo yokha. Tinaona kuti mwina apa ndi pamene funso la atate lingathere.

Vuto linali changu. AFCON inali kuyamba mu January 2024 ku Ivory Coast, ndipo tinafuna kuti atate aonere Chipolopolo ndi zipangizo zatsopano. Tinasonkha zimene tinali nazo n'kulowa m'shopu ina m'tauni. Pa shelefu panali ampu yakuda yonyezimira, ndipo pa katoni pake panalembedwa ndi zilembo zofiira zazikulu kuti 5000W PMPO. Pambali pake panali ina yooneka wamba, yolembedwa 60W, koma yodula kuposa yoyambayo. Tinaseka. Ndani angalipire zambiri kuti agule 60 pamene 5000 ili pomwepo? Mnyamata wogulitsa anaiyatsa, nyimbo inagunda, ndipo anati, "Bosi, iyi komboni yonse idzadziwa kuti mwagula." Sitinafunse china chilichonse. Tinalipira.

Pa 21 January Zambia inasewera ndi Tanzania. Tinali kumbuyo ndi chigoli chimodzi, osewera athu atatsala khumi. Nyumba inadzaza, ana a aneba pansi, akulu pa mipando. Atate anali kufunsabe kuti wati chiyani, ndiye ife tinali kungokweza, kukweza, mpaka kabatani kanafika kumapeto. Mau anayamba kukhadzula ngati munthu wa chifuwa, koma tinati ndi mmene zimakhalira. Kutatsala mphindi zochepa Patson Daka anagoletsa ndi mutu, nyumba yonse inaimirira, ndipo phokoso litatsika tinamva kafungo ka waya wopsa. Wolengeza mpira anali kulankhulabe, koma ngati ali mkati mwa mtsuko. Twita ya sipika ya pakati, kasipika kakang'ono kotulutsa mau opyapyala, inali itapsa. Mwa masipika asanu, tinapha yomwe ija tinagulira zonsezi.

Atate sanakalipe. Anangoti, "Ndalama zija mukanagula unga." Mau amenewo anatipweteka kuposa kukalipa.

Loweruka lotsatira tinanyamula ampu ija kupita nayo ku wailesi, kwa mkulu amene amasamala zipangizo za mu studio. Ndi munthu wosalankhula zambiri. Sanayang'ane n'komwe kutsogolo kwake. Anaitembenuza n'kutilozera kachikwangwani kakang'ono pafupi ndi chingwe cha magetsi. "Werengani apa." Panalembedwa kuti chipangizochi chimadya mawati 60. "Tsopano ndiuzeni," anatero, "chinthu chodya 60 chingatulutse bwanji 5000? Mphika wa makapu awiri mungapakulemo nsima ya ukwati?" Pa 60 amenewo, gawo lina limatayika ngati kutentha, ndipo chotsalacho chigawidwe kwa masipika asanu. Sipika iliyonse inali kulandira mawati osafika 10. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kuphunzira, ndipo zimene tinaphunzira n'zimene tikufuna kukuuzani musanatulutse ndalama zanu.

PMPO si muyeso umene aliyense anagwirizana. Wopanga amalemba nambala imene wafuna. Nambala yothandiza ndi ya mphamvu yosalekeza, imene pa zipangizo amalemba kuti RMS, ndipo nayonso iyenera kubwera ndi anzake: mawati angati pa chanelo imodzi, pa sipika ya ma ohm angati, ndipo machanelo angati akuyimba nthawi imodzi. Ampu ina imalembedwa 100W, koma anaiyeza chanelo imodzi yokha ikugwira ntchito. Zonse zisanu zikamakoka pa thiransifoma imodzi, nambalayo imagwa. Bodza la mawati si la lero. Ku America boma linachita kukhazikitsa lamulo mu 1974 lokakamiza opanga kunena mphamvu yosalekeza, chifukwa manambala a pa makatoni anali atafika poipa. Kuno kwathu wokutetezani ndi maso anu. Tembenuzani chipangizo, werengani kumbuyo.

Chimene chinatidabwitsa kwambiri n'chakuti sipika yathu siinaphedwe ndi mphamvu yochuluka. Inaphedwa ndi ampu yofooka yokakamizidwa. Ampu ikafika pamapeto a mphamvu yake inu n'kumakwezabe, imayamba kudula nsonga za mafunde a mau. Kukhadzula kumene tinamva kuja ndi kumeneko. Mau odulidwa motero amatumiza mphamvu yambiri ku twita, imene waya wake ndi wopyapyala ngati tsitsi, ndipo imatentha mpaka kupsa. Choncho mukamva mau ayamba kukhadzula, musati ndi mmene zimakhalira. Tsitsani nthawi yomweyo.

Kenako mkulu uja anatifunsa funso limene palibe wogulitsa anatifunsapo: "Pabalaza panu m'potalika bwanji?" Anatenga pepala n'kuwerengera nafe. Kumbuyo kwa masipika athu kunalembedwa 88 dB. Tanthauzo lake n'lakuti ukaipatsa wati imodzi yokha, n'kuima mita imodzi kuchokera pamenepo, umamva mau a ma decibel 88. Ukatalikira kufika mamita awiri, amatsika ndi pafupifupi 6, kukhala 82, ndipo m'chipinda chaching'ono makoma amabwezako ena. Atate amakhala mamita awiri kuchokera pa TV. Ndiye kuti wati imodzi chabe ikupereka kale mau okwera kuposa momwe munthu amaonera nkhani. Mawati 10 amafikitsa pa 92. Mawati 50 amafikitsa pa 99, phokoso loti simungamvane ndi munthu amene mwakhala naye pampando umodzi.

Apa m'pamene tinamvetsa kuti mawati ndi makutu sizikwera mofanana. Mukawirikiza mphamvu kawiri, kuchoka pa 50 kufika pa 100, mau amangokwera ndi ma decibel atatu, kusiyana kongomveka pang'ono. Kuti khutu limve ngati mau akwera kawiri, mphamvu iyenera kuwirikizidwa kakhumi. Munthu amene walipira ndalama zambiri kuti achoke pa 80 kufika pa 100 wagula chinthu chimene khutu lake silidzachizindikira. Mawati owonjezera ali ndi ntchito imodzi: kukhala ngati nkhokwe, kuti chitseko chikamenyetsedwa mu filimu kapena bwalo likakuwa, ampu isafike pamapeto. Kwa pabalaza ngati pathu, mawati 50 kapena 60 enieni pa chanelo iliyonse ndi nkhokwe yokwanira. Ampu ya 60W ija tinaiseka m'shopu inali yoyenera ife.

Nambala ina yofunika ndi ma ohm. Masipika ambiri a m'nyumba amakhala a 8, a 6 kapena a 4. Nambala ikatsika, sipika imakoka magetsi ambiri ku ampu, ndipo ampu imatentha kwambiri. Kumbuyo kwa ampu amalemba nambala yotsikitsitsa imene ingapirire. Athu anali a 6, choncho ampu yolembedwa kuti 8 yokha sinali yathu. Chenjeraninso ndi chizolowezi chathu cha m'komboni chomangirira masipika awiri pa chanelo imodzi kuti zimveke kwambiri. Awiri a 8 mukawalumikiza pa mawaya omwewo amasanduka 4. Awiri a 4 amasanduka 2, ndipo maampu ambiri a m'nyumba pamenepo amazima kapena kupsa.

Tinayamba kusunganso ndalama, ulendo uno kudzera m'chilimba. Tili mkati mosunga, dziko linasintha. Mvula inakana, pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, ndipo mu March kuzima kwa malaiti kunayamba ndi maola 8 pa tsiku. Pofika September m'madera ambiri malaiti anali kubwera maola ochepa chabe, nthawi zina pakati pa usiku anthu ali m'tulo. Monga mabanja ambiri, tinapatutsako ndalama n'kugula batire, kasola ndi inveta yaing'ono. Funso lathu linasintha. Poyamba tinali kufunsa kuti ampu imatulutsa zingati. Tsopano tinayamba kufunsa kuti imadya zingati.

Masamu ake ndi osavuta. Batire ya 12V ya 100Ah imasunga mphamvu yokwana mawati 1200 kwa ola limodzi, koma ngati ndi ya mtundu wakale uja wa asidi, mukufunika kugwiritsa theka lokha kuti ikhalitse. Pa theka limenelo padye TV, dikoda, risiva, mababu ndi mafoni a nyumba yonse. Apa mtundu wa ampu umakhala nkhani. Maampu akale olemera aja, a kalasi AB, amataya gawo lalikulu la magetsi ngati kutentha, ndipo amadya ngakhale pamene palibe chikuyimba. A kalasi D, opepuka, amasandutsa pafupifupi magawo 9 mwa 10 kukhala mphamvu ya ku sipika akamagwira ntchito mokwanira, ndipo satentha kwambiri. M'nyumba ya malata mu October, kutenthako nakonso n'kofunika kukuganizira.

Ndalama zitakwana, tinali ndi zosankha zitatu.

Yoyamba inali ampu yaikulu ya machanelo 7, yogwiritsidwapo kale ntchito, ya kampani yodziwika. Kuinyamula anthu awiri. Mng'ono wathu anaikonda pomwepo, ndipo kunena zoona tonse mitima inagunda. Koma tsopano tinali titaphunzira kutembenuza. Kumbuyo kunalembedwa 120V, 60Hz. Inapangidwira ku America. Magetsi athu kuno ndi 230V, 50Hz, ndipo mukailowetsa pakhoma mwachindunji imapsa nthawi yomweyo. Inafunika thiransifoma yotsitsa magetsi, yaikulu molingana nayo, ndalama zinanso. Inveta yathu sikanaikwanitsa. Ndipo machanelo awiri owonjezerawo tikanawalipira popanda masipika ake, popanda ngakhale malo owaika.

Yachiwiri inali njira imene anyamata ambiri m'komboni amatsata: ampu ya m'galimoto. Musaipeputse. Imadya 12V mwachindunji kuchokera ku batire popanda inveta, imapirira masipika a ma ohm 4, ndipo okonza ake ali paliponse. Koma zambiri zimakhala za machanelo anayi, ndipo ife chanelo yachisanu ndiyo inali nkhani yonse. Tikanafunika ziwiri, kapena kusiya masipika a kumbuyo. Malaiti akabwera imafunabe batire kapena chosinthira magetsi champhamvu, mawaya ake ayenera kukhala onenepa, ndipo pafupi ndi batire payenera kukhala fyuzi. Tinaganizira zidzukulu zimene zimakwawa pabalaza paja, amai anapukusa mutu, ndipo nkhani inathera pomwepo. Kwa mnyamata wokhala yekha wofuna nyimbo, njirayi ndi yabwino. Kwa ife sinali.

Yachitatu inali yosaoneka bwino m'maso: kabokosi kotuwa ka kalasi D, machanelo asanu, mawati 60 pa chanelo pa ma ohm 6, magetsi a 230V. Kopanda timagetsi, kopanda Bluetooth, batani limodzi loyatsira. Mwini wake anali kukagulitsa chifukwa anagula zina. Safunsa anadya phula, choncho ulendo uno tinafunsa mpaka mwini wake anatopa nafe. Tinapita ndi risiva yathu, sipika yathu ya pakati imene tinali titaikamo twita ina, ndi mawaya athu. Tinayesa chanelo iliyonse payokha, imodzi imodzi, kuti tione ngati zonse zisanu zili moyo. Tinatsitsa mau mpaka pansi n'kuika khutu pa sipika kumvetsera ngati pali kulira kwa njuchi. Tinaisiya ikuyimba theka la ola n'kuigwira pamwamba. Inali yofunda chabe. Tinaonanso kuti timabowo take tolandirira mau tikugwirizana ndi ta risiva yathu.

Poyesa sitinaike nyimbo ya mabesi. Ogulitsa amakonda mabesi chifukwa amabisa zambiri. Tinaika pulogalamu yojambulidwa ku wailesi, anthu awiri akukambirana za mitengo ya unga, mmodzi wa mau otsika. Kenako tinaika chimbale cha Amanaz chotchedwa Africa, cha 1975, cha anyamata a konkuno ku Kitwe, chimene atate amachikonda kuyambira unyamata wawo ndipo ife tinakula tikuchimva. Nyimbo imene mumaidziwa bwino ndiyo imakuuzani ngati chipangizo chikunama. Tinalipira, ndipo pa ndalama zotsala tinagula kachipangizo koteteza, kaja kamene kamadikira kaye pang'ono malaiti akabwera kasanalole magetsi kulowa. Pa nthawi ya kuzimazima, musagule ampu n'kusiya kameneka. Ngati muli ndi inveta, funsaninso mtundu wake. Zotchipa zija za modified sine wave zimaliritsa zipangizo za mau. Yoyenera ndi ya pure sine wave.

Panatsala nkhani ya wufa. Apa tinakangana. Mng'ono wathu anati home theatre yopanda mabesi ndi ndiwo zopanda mchere. Tinabwereka ya mnzathu kuti tiyese usiku umodzi. Malata anayamba kunjenjemera, mbale mu kabati zinalira, ndipo pasanathe mphindi khumi tinamva kugogoda. Anali amai a kuseri kwa khoma, mwana wakhanda ali kumsana. Sanakalipe. Anati, "Pepani aneba, mwanayu wangogona kumene." Mabesi sadziwa malire a nyumba. Mau opyapyala khoma limawatchinga, koma otsika amadutsa njerwa ngati palibe. Amai amenewo ndi omwe amatisungira kiyi tikachoka, ndi omwe anathamanga kukaitana galimoto usiku umene atate anadwala. Wufa tinabweza m'mawa mwake. Pa risiva tinasankha kuti palibe wufa, ndipo mabesi ochepa amene masipika a kutsogolo amatulutsa akutikwanira.

Pali chifukwa china chimene tinasiyira mabesi. Makutu oonongeka ndi phokoso la makina amayamba kutaya mau opyapyala, cha m'ma 4000 Hz, ndipo kumtunda kumeneko n'kumene kumakhala timau ngati s, f ndi t, timene timasiyanitsa liu ndi linzake. N'chifukwa chake atate amamva kuti munthu akulankhula koma osamva chimene akunena. Mabesi akachuluka amakwirira timau timeneti. Mwa kukweza zonse, tinali kuwaonjezera vuto. Ndipo ife achinyamata tisaone ngati nkhaniyi ndi ya madala okha. Bungwe la WHO limati achinyamata oposa biliyoni imodzi padziko lonse ali pa ngozi yoononga makutu chifukwa cha kumvetsera mokweza, ndipo limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata. Atate anataya makutu awo pofuna kutidyetsa. Ife tikhoza kutaya athu ndi ndalama zathu zomwe, titakhala pa sofa.

Tsiku loika zonse tinatenga nthawi. Ampu tinaiika pa shelefu yotseguka, osati mu kabati, ndipo tinapempha amai kuti kansalu kawo kokongoletsa kasakhale pamwamba pake. Anadandaula, koma analola. Tinaonetsetsa kuti waya wofiira wapita pofiira ndi wakuda pakuda pa masipika onse, chifukwa imodzi ikatembenuka mau amamwazika. Sipika ya pakati tinaiika m'mphepete mwa tebulo, titaipendeketsa kuti iloze pa mpando wa atate. Pa risiva tinakweza chanelo ya pakati ndi ma decibel anayi n'kutsitsako za kumbuyo. Nkhani za pa TV sizibwera m'machanelo asanu, koma risiva ili ndi njira yotchedwa Pro Logic imene imatenga mau opezeka mofanana kumanzere ndi kumanja n'kuwatumiza pakati, ndipo wowerenga nkhani amakhala pomwepo. Tinaphunzitsanso nyumba yonse dongosolo lake: poyatsa, ampu ikhale yomaliza, pozima, ikhale yoyamba. Mukatero masipika sagunda.

Tisakunamizeni kuti ampu yachiritsa atate. Kumsika amafunsabe kuti wati chiyani. Ku tchalitchi amakhalabe kutsogolo. Tikuwanyengererabe kuti apite kuchipatala akayezetse makutu, ndipo iwo akuti adzapita mvula ikatha, monga ananenera chaka chatha. Ngati kwanu kuli munthu wotere, chipatala ndicho choyamba, masipika pambuyo.

Koma madzulo a tsiku limenelo malaiti kunalibe, ndipo zonse zinali kuyendera batire. Nkhani za 19 koloko zinayamba. Kabatani ka mau kanali pansi kuposa pamene tinazolowera, moti mng'ono wathu anatambasula dzanja kuti akweze. Atate anamugwira mkono.

"Siya choncho, mwana wanga. Ndikumva."

Anamvetsera mpaka kumapeto osafunsa kanthu. Nkhani za masewero zitafika, wowerenga anatchula Nkana, timu yawo, ndipo atate anatembenukira kwa ife a Power Dynamos n'kuyamba kutsutsa zimene munthuyo ananena, liu ndi liu. Tinakangana nawo mpaka nsima inazizira. Kuseri kwa khoma mwana sanadzuke.

Katoni ya 5000W ija ikadalipo. Amai amasungiramo anyezi.